Garaja yomwe inawongola Impala yanga: alayimenti ili bho, kubalansa matayala nde mpaka kubwererako

Ndiyambe ndi chigamulo kuti amene muli pa changu musavutike ndi nkhani yonseyi. Pa alayimenti garaja imeneyi ndaivulira chipewa, ntchito amaidziwa. Pa kubalansa matayala ndi apakatikati, zinatheka koma mpaka nditabwererako. Kalandiridwe ka makasitomala nde ayi ndithu, pamenepo pali ntchito. Dzina lawo sinditchula chifukwa zina zomwe ndinene m'munsimu si zokoma, komanso dzina silikuthandizani kwenikweni, chomwe chingakuthandizeni ndi kudziwa zomwe makaniko wodziwa za lowrider, galimoto zotsitsidwa dala kuti ziziyenda pafupi ndi pansi, amachita, kuti mukakumana ndi wongofuna ndalama zanu mumuzindikire asanagwire sipanala.

Galimoto yake ndi Chevrolet Impala ya 1964, ya ma hydraulic oikweza ndi kuitsitsa pongogunda switch, mapampu awiri ndi mabatire 8 mu buti. Marimu ndi a masipoko, a mainchi 13, matayala ndi aang'ono aja a mzere woyera, 155/80R13. Ma A-arm, zitsulo zolumikiza tayala lakutsogolo ku chasisi, a pamwamba kutsogoloku anatalikitsidwa ndi inchi imodzi. Vuto linali lakuti matayala akutsogolo ankadyeka m'mphepete mwakunja mofulumira zoopsa, ukasisita ndi dzanja kupita uku kuli see, pobwerera likukukanda chikhatho. Chiwongolero chinali chopendekera ngakhale pa msewu wowongoka, ndipo ukangofika cha m'ma 90 chinkayamba kunjenjemera mpaka galasi loonera kumbuyo osaonamo kanthu.

Amene mumayendetsa galimoto wamba mwina mukudabwa kuti chovuta n'chiyani, si kungoikweza pa makina kompyuta n'kunena zochita? Pa Corolla eya. Kompyuta ija ili ndi manambala a ku fakitale, ndipo manambalawo anawerengera galimoto yoima pa msinkhu umodzi womwe inatuluka nawo. Lowrider ilibe msinkhu umodzi. Pano yagona chasisi chatsala pang'ono kukhudza tala, wagunda switch yadzuka mphuno m'mwamba, ndipo pa msinkhu uliwonse tayala limaima mwa mtundu wina. Ma hydraulic amenewa anabwerera zomwezo. Ku California mu 1958 kunabwera lamulo loletsa kutsitsa galimoto kupitirira m'munsi mwa rimu, pa nthawi yomwe anyamata achi Mexican-American a ku Los Angeles anali atazolowera kudula masipuling'i ndi kudzaza matumba a mchenga mu buti. Chaka chotsatira, 1959, Ron Aguirre anatulukira ndi Corvette yokwera ndi kutsika pogwiritsa ntchito mapampu ochotsa ku ndege, apolisi akaoneka waikweza, akadutsa waigoneka. Lamulo limenelo linachotsedwa kuyambira January 2024. Nde chinthu chopangidwa dala kuti chizisintha msinkhu, wina n'kumachiyeza ndi manambala a msinkhu umodzi, mukuganiza kuti pangatuluke chani?

Kwina komwe ndinapitako kale ankachita zomwezo. Alemba dzina la galimoto mu kompyuta, akunga apa amasula apo mpaka sikirini yaonetsa zobiriwira, akupatsa pepala, lipirani bwana. Ukutuluka pa geti wagunda switch kuti udumphe hampu, basi ndalama zija zapita.

Kuno zinali zina. Mwini garaja ndi madala ena ake osalankhulalankhula, ndipo funso lawo loyamba silinali la injini kapena chaka cha galimoto, anangoti, "Achimwene, pa msewu mumayenda nayo pa msinkhu uti? Osati woimika pojambula zithunzi, ndikunena woyendera." Ndinaikweza mpaka pomwe ndimayendera, iwo anatenga tepi n'kuyeza kuchokera pansi kufika pa mlomo wa fenda, makona onse anayi, manambalawo n'kulemba pa kapepala komata, n'kukamata pa windisikirini. Kenako anati ndiigoneke ndiikwezenso, ndipeze msinkhu womwewo osayang'ana tepi. Ndinaphonya pang'ono mbali ya kumanzere, ndipo anati zimenezo ndiye zimapha alayimenti pa galimoto za hydraulic, chifukwa mulibe sensa yokumbukira msinkhu ngati pa ma air suspension ena amakono, chokumbukira ndi chala chako ndi maso ako basi. Anandionetsa chizindikiro choti ndizitsatira, zala zingati zilowe pakati pa tayala ndi fenda. Zooneka zachikale koma zimagwira.

Chachiwiri chomwe chinandigwira mtima, anaisiya galimoto iime kaye osaikhudza, iwo n'kukathandiza wina, pobwera n'kuyezanso. Kona imodzi kutsogolo inali itatsika yokha. Check valve, kavalavu koletsa oyilo kubwerera ku pampu, inkabweza oyilo pang'onopang'ono, zoti ukuyendetsa sungazione. Iwo anati kuchita alayimenti pa galimoto yomwe ikutsika yokha ili pa makina ndi kutaya nthawi, manambala aziyenda okha iwe uli pansi ukukunga. Anayamba akonza chimenecho. Atatero analowa pansi ndi chitsulo chotekenyera n'kumagwedeza chilichonse, ma ball joint, ma tie rod end, mabushi, ndipo anapeza idler arm, chitsulo chochirikiza zitsulo za chiwongolero, yatha, ikusewera. Anayang'ananso ndi tochi pomwe ma A-arm amagwira chasisi ngati pali mng'alu, poti galimoto zodumphitsa zimang'aluka pamenepo. Panalibe, mwamwayi. Zonsezi makina asanayatsidwe n'komwe.

Pa makinapo ndinali ndi mantha ndi ma kilampu, amene muli ndi marimu a chrome mukudziwa ululu wake, zikhadabo zachitsulo zija zikaluma mlomo wa rimu zimasiya zipsera zomwe kenako zimachita dzimbiri. Awo ndi ogwira pa tayala, osakhudza rimu. Ma skirt, zophimba matayala a kumbuyo, anachotsa okha mosamala n'kuwagoneka pa nsalu. Mabatire onse anati akhale m'malo mwake, ndipo pa mpando wa dalaivala anaikapo cholemera, kuti galimoto iyezedwe momwe imakhalira pa msewu.

Tsopano nkhani yeniyeni, camber. Uku ndi kupendekera kwa tayala ukaliyang'ana uli kutsogolo kwa galimoto, mutu wake kulowa mkati kapena kutuluka kunja. Pa Impala yokhala ndi ma A-arm a ku fakitale, ukaikweza mpaka mapeto mitu ya matayala imagwera mkati, zosaoneka bwino, nde anthu amatalikitsa ma arm a pamwamba kuti ikakwera matayala aziima chilili. Mtengo wake ndi wakuti ikatsika mitu ija imatuluka kunja, tayala n'kumaponda ndi m'mphepete mwakunja mokha. Ena amazikonda zimenezo, amati ndiye maonekedwe ake, ndipo sindikutsutsa, nane ndimacheuka ndikaiona ikudutsa itatambalala. Koma matayala ndiye amalipira. Madala aja sanandinamize kuti athetsa zonse. Anati ndisankhe, maonekedwe kapena matayala, kapena tigawane pakati. Tinagawana pakati. Galimoto zakalezi zilibe mabawuti osinthira camber ngati zamakono, zimayendera mashimu, timbale tachitsulo tolowetsa pomwe shafiti ya A-arm imamangidwa ku chasisi, ukawonjezera mutu wa tayala umabwerera mkati. Ntchito yake ndi yotopetsa, masula, lowetsa, kunga, yeza, masulanso. Ndipo mashimu otseguka mbali imodzi aja anawakana, anati galimoto yodumpha imawalavula panjira, anaika obowola pakati oti sangatuluke pokhapokha bawuti itachoka. Anaonetsetsanso kuti bawuti yatsala ndi mazinga okwanira nati yogwira bwino, poti mashimu akachuluka bawuti imaperewera.

Caster anaichita ndi mashimu omwewo, kusiyanitsa kuchuluka kwake pa bawuti yakutsogolo ndi yakumbuyo. Imeneyi ndi yomwe imabweza chiwongolero pakati ukamaliza kukhota, komanso imapangitsa galimoto kuyenda mowongoka osayendayenda mu msewu. Manambala a 1964 anawerengera matayala akale a bias-ply, nde caster yake ndi yochepa kwambiri, pomwe ma radial, matayala amakonowa, amafuna yochulukirapo. Apa ndinaphunzirapo china chomwe sindinkachiganizira, kuti ukakweza kumbuyo kokha kutsogolo kuli pansi, galimoto yonse imaweramira kutsogolo ndipo caster imachepa yokha. N'chifukwa chake ukayenda matako ali m'mwamba chiwongolero chimapepuka modabwitsa. Chomwe analimbikira kwambiri ndi chakuti mbali ziwiri zifanane, chifukwa galimoto imakokera kumbali komwe caster yachepa.

Toe anamalizira, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira, poti ukakhudza camber kapena caster nayo imasuntha. Toe ndi komwe matayala awiri akutsogolo akuloza, kuyang'anizana pang'ono kapena kufulatirana. Anaisiya yolowa mkati mamilimita pafupifupi 3 onse pamodzi. Kukanda kuja komwe ndinkamva ndi dzanja kunali kwa toe, ndipo pakati pa zitatuzi iyi ndiye imadya tayala msanga kuposa zonse, chifukwa tayala limakhala likukwekwerezeka cham'mbali mtunda wonse. Atamaliza anandiitana kuti ndiime pa sikirini, n'kuuza mnyamata wawo kuti agunde switch yakutsogolo pang'ono chabe. Abale, manambala a toe anathawa ndikuona. Aitsitse kubwerera pa msinkhu wa pa kapepala kaja, manambala anabwerera m'malo. Chifukwa chake n'chakuti tie rod, chitsulo chokhotetsa tayala kuchokera ku chiwongolero, ndi ma A-arm sizizungulira njira imodzi galimoto ikamakwera, nde tie rod imakoka kapena kukankha tayala popanda iwe kukhudza chiwongolero. Munthu akhoza kukufotokozera zimenezi tsiku lonse, koma kuziona ndi maso kunandikwanira.

Kumbuyo kulibe zambiri zosintha poti ndi ekiselo imodzi yolimba, koma anayezabe ngati yaima pakati komanso ngati ikuloza kutsogolo ndendende. Ma Impala a zaka zimenezi ali ndi panhard bar, chitsulo chopingasa chogwira ekiselo kuti isasunthire kumbali, ndipo ukakweza kumbuyo chitsulo chimenechi chimakokera ekiselo kumbali, n'chifukwa chake ena amachichotsa n'kuika wishbone, chitsulo cha mphanda chogwira ekiselo pakati. Yanga pa msinkhu woyendera inali pabwino, sanakhudze.

Pepala lomwe anandipatsa pomaliza linali ndi zofiira zingapo. Anandiuziratu kuti ndisadabwe, kompyuta ikuyerekeza ndi galimoto ya ku fakitale. Pansi pake analemba ndi bolopeni msinkhu wa makona anayi aja. Ine pepala lofiira lokhala ndi msinkhu ndimalikhulupirira kuposa lobiriwira lopanda msinkhu.

Nde tibwere ku kubalansa, komwe mamakisi atsika. Ntchito imeneyi anaisiyira mnyamata wophunzira, madala ali kwina. Iye anachita zomwe amachita pa galimoto ina iliyonse, kulowetsa koni pa bowo la pakati, kukunga, kuzungulitsa, kumata tizitsulo mpaka makina aonetsa ziro. Ndikutuluka pa msewu waukulu chiwongolero chikunjenjemerabe, mwinanso kuposa kale. Vuto lake ndi ili, rimu ya masipoko yamtundu wa knock-off sikhala pa galimoto kudzera pa mabawuti ngati rimu wamba. Pa habu pamamangidwa adaputala, rimu imavala pa adaputalayo, kenako nati imodzi yaikulu ya mapiko ija imakunga zonse. Nde pakati penipeni pa rimu pamadziwika ndi adaputala, koni ya makina ikhoza kuigwira mokhota pang'ono, ndipo makina amabalansa kukhotako m'malo mobalansa tayala. Ziro wake amakhala wabodza.

Nditabwerera madala sanakangane nane, ulemu wawo pamenepo. Anatenga tayala lomwe mnyamata anabalansa, kulimasula pa makina, kulitembenuza pang'ono, kulikunganso, kuzungulitsa, manambala ena ena. Anangomuyang'ana mnyamatayo osanena kanthu. Mayeso amenewa mukhoza kuwapempha kulikonse, tayala lobalansidwa bwino likachotsedwa n'kubwezeredwa liyenera kuwerenga pafupi ndi ziro. Atatero anachotsa adaputala ku galimoto, kuimanga pa makina, rimu pamwamba pake, n'kuyamba mwatsopano. Tizitsulo take anamata mkati mokha, atapukuta kaye bwinobwino pomatapo, chifukwa palibe mwini lowrider angalole chitsulo chopanidwa pa mlomo wa chrome panja poonekera. Koma dziwani kuti pamenepa pali kutayapo kena kake. Kumata mzere umodzi mkati kumathetsa kudumpha kwa tayala, koma kugwedezeka kwa uku ndi uku kumafuna tizitsulo mbali zonse ziwiri, ndipo pa rimu yakuya ngati izi mbali yakunja ili kutali ndi pomwe ungabise chitsulo. Nde kanjenjemera kochepa kamatsalako pa liwiro lalikulu. Kwa galimoto yoyenda mwachifatse ngati iyi, ine ndavomera.

Rimu imodzi inapezeka kuti ikuyenda mopotoka. Anaizungulitsa pang'onopang'ono ndi dzanja, kachitsulo koloza kali pafupi ndi mlomo, mpata n'kumatseguka kutsekeka. Kenako anagogoda masipoko limodzi limodzi ndi sipanala yaying'ono, ena akulira ngwee, atatu anayi akuti phu phu. Ndi chimodzimodzi njinga yakapalasa, masipoko akakhwefuka rimu imapinda, ndipo chitsulo chilichonse chomwe ungamate sichingawongole rimu yopinda. Iwo kukunga masipoko sachita, anandiuza chilungamo, chifukwa mkati mwa rimu mitu ya masipoko imakutidwa ndi silikoni kuti mpweya usatuluke, ukawatembenuza wang'amba chomatacho, ntchito yasanduka ina. Anangoisamutsira kumbuyo komwe sikumveka kwambiri m'manja, n'kundiuza ndikapeze katswiri wa masipoko. Silikoni yomweyo ndi chifukwa china choonetsetsa amene akukuvulirani tayala, chitsulo chovulira chikalowa kwambiri chimaipala, mawa lake tayala laphwa iwe n'kumafufuza msomali womwe kulibe.

Pobwezera matayala anagwiritsa hamala ya mtovu, osati yachitsulo, nde mapiko a nati sanapweteke. Ma knock-off ali ndi a kumanja ndi a kumanzere, mazinga ake ndi osiyana, onse amakungira chakumbuyo kwa galimoto, ukawasemphanitsa amamasuka ukuyenda ndipo tayala likhoza kukupitirira pa msewu. Anaona kaye zolemba pa adaputala iliyonse asanamange, n'kundiuza kuti ndikayenda pang'ono ndiwamenyenso. Chokhacho chinandinyansa, mnyamata uja anagwira mizere yoyera ndi manja a girisi, matayala onse anayi zidindo za zala, ndipo palibe anapepesa.

Ananenanso za kulemera, zomwe ambiri safuna kumva. Matayala a 155/80R13 ambiri amalembedwa 79 pambali, kutanthauza makilogalamu 437 pa tayala limodzi, onse anayi 1,748. Impala payokha ndi chigalimoto cholemera kale, onjezani mabatire 8 lililonse pafupifupi makilogalamu 30, mapampu, zitsulo zowagwirira, zolimbitsira chasisi, ndi anthu okwera. Mwafika kale pa malire kapena kupitirira, ndipo ambiri mwa katunduyo ali kumbuyo. Kuonjezera apo tayala lopyapyalalo latambasulidwa pa rimu ya mainchi 7 m'lifupi. Nde mpweya ukachepa limatentha msanga, alayimenti ikhale yabwino bwanji. Iwo anapopa moyandikira malire olembedwa pa tayala osapitirira, ndipo anati ndiziyeza m'mawa matayala asanatenthe. Zoyendetsa liwiro la mpikisano pa timatayala timeneti, iwalani.

Za kalandiridwe ndisachulutse. Foni sayankha, uthenga amawerenga osabweza. Nthawi yomwe anandiuza kuti ndifike ndinapeza galimoto ina ili pa makina, ndinadikira mpaka njala. Ntchito ya galimoto zosinthidwa amalipiritsa pa ola, osati mtengo umodzi wa alayimenti womwe walembedwa pa khoma, zomwe n'zomveka poona ntchito ya mashimu ija, koma bwenzi akunena poyamba, osati munthu udzidzimuke pa kauntala. Funsani musanapereke makiyi, ndipo alembe. Kubwererako kwa balansi sanandilipiritse.

Mmene ikuyendera pano, chiwongolero chili pakati, ndikachisiya pa msewu wosalala galimoto sikokera mbali, pokhota chimabwerera chokha. Matayala atsopano akutha mofanana, kukanda kuja kulibe, ngakhale m'mphepete mwakunja mukuonekabe kuti ndi momwe mudzayambire kutha, zomwe tinagwirizana kale. Ndikaikweza kupitirira msinkhu wa pa kapepala ndimamva ndithu kuti yayamba kusakasaka njira, nde pa mtunda wautali ndimabwerera pa zala zija.

Chomwe chatsala ndi kunjenjemera kwina komwe kumamvekera pansi pa mpando, osati m'manja, ndipo kumabwera ndikakweza kumbuyo kokha. Madala anati chimenecho si matayala, ndi propshaft, shafiti yotenga mphamvu ku giyabokosi kupita ku difu. Ya Impala ndi yazigawo ziwiri, imadutsa pakati pa chasisi cha X ndipo pamenepo pali bering'i yoigwira, nde kumbuyo kukakwera ekiselo imasuntha n'kuikankha, ma universal joint n'kumagwira ntchito atapindika kwambiri. Pakufunika bering'i yolimba ndi slip yoke yolola propshaft kutalika ndi kufupika, mwinanso ma trailing arm (zitsulo zogwira ekiselo ku chasisi) osinthika kuti difu iloze bwino. Iwo anati ntchito imeneyo si yawo, ndikafufuze kwina, nde amene mukudziwa wodziwa za ma propshaft a galimoto zimenezi tandiuzeni.